Zipolopolo zakale za asilikali za .303: kuzizindikira ndi kusankha zoyenera mfuti ya Lee-Enfield

Chipolopolo cha .303 British chinayamba ntchito m'gulu la asilikali a Britain kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, ndipo chinakhala chipolopolo chawo chachikulu mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 pamene 7.62 NATO inachilowa m'malo. Chinkapangidwa ku England, Canada, Australia, India ndi South Africa, kenako Pakistan ndi Greece anapitiriza. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland, amene chipilala cha gulu lawo chili ku Zomba, ananyamula zomwezi mpaka ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Zimene zinatsala m'nkhokwe za maboma n'kugulitsidwa kwa amalonda ovomerezeka ndizo ogulitsa amazitcha surplus. Pozionera patali zonse ndi ana a mimba imodzi, koma m'bokosi limodzi mungapezeke chabwino, chowola, chopangidwira ntchito ina, ndi china chimene lamulo silikulolani n'komwe kukhala nacho.

Malangizowa ndi a munthu amene ali ndi chiphaso cha mfuti ndipo akugula kwa wogulitsa wovomerezeka. Ku Britain, pansi pa Firearms Act ya 1968, chiphaso chimatchula mtundu wa zipolopolo ndi kuchuluka kumene mungasunge. Ku South Africa, Firearms Control Act ya 2000 imaika malire a zipolopolo 200 pa mfuti iliyonse yolembetsedwa, kupatula kwa alenje ndi owombera chandamale ovomerezedwa mwapadera. Ku Malawi ndi ku Zambia nkhani ya chilolezo imadzera kupolisi. Zipolopolo zotola m'tchire, zofukula m'munda cha kumalire a Mozambique, kapena zogula kwa munthu wonong'oneza si surplus ayi. Zimenezo kauzeni apolisi.

Choyamba: yambani ndi mfuti yanu

Lee-Enfield ndi mfuti yakale ya asilikali a Britain, koma si iliyonse imene imadya .303. Ishapore 2A ndi 2A1 za ku India, zopangidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, zimaoneka ngati Lee-Enfield ya mtundu wa No. 1 Mk III koma ndi za 7.62 NATO, ndipo mungazizindikire ndi magazini yake yooneka ngati bokosi, yolowa zipolopolo 12. L39A1, L42A1, Envoy ndi Enforcer nazonso ndi za 7.62. Zina anazisandutsa .22 zophunzitsira, zina ku India anazibowola kukhala .410. Ku South Africa mfuti zambiri zinasinthidwa mpope kukhala 6mm Musgrave, ku Australia .303/25. Choncho werengani zonse zolembedwa pampope ndi pathupi la mfuti. Mukapeza zilembo DP, mfutiyo inachotsedwa pa ntchito kuti izingogwira za perete. Musaiwombe ndi chipolopolo chilichonse.

Kenako pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti kuti ayeze mpata wa pakati pa nkhope ya bolt (chitsulo chokankhira chipolopolo n'kutseka kumbuyo kwa mpope) ndi pokhala mkombero wa chigoba cha chipolopolo, umene amisiri amati headspace. Chigoba cha .303 chili ndi mkombero kunsi, ndipo ndi mkomberowo umene umachiimitsa pamalo pake. Muyezo wa asilikali unali wakuti bolt itseke pa geji ya inchi 0.064 koma ikane kutseka pa ya 0.074. Ikatseka pa 0.074 ndiye kuti mpata wakula, ndipo zigoba zakale zouma zimaduka msanga pa mfuti yotere. Pa No. 4 mankhwala ake ndi kusintha mutu wa bolt, umene umabwera m'manambala 0, 1, 2 ndi 3.

Mmisiriyo aonenso pakhosi pa mpope, pamene mizere yopota imayambira. Mfuti imene inadya onga wakale wa asilikali wotchedwa cordite zaka zambiri imakhala yoperepeseka pamenepo, ndipo zimenezi zidzakuuzani mtundu wa mutu wa chipolopolo umene ingathe kuuwongola. Mfuti zakale kwambiri, Lee-Metford ndi Lee-Enfield zazitali za nthawi ya nkhondo ya Mabunu, zinayezedwa ndi mutu wobulungira wolemera ma grain 215, kapena kuti magalamu pafupifupi 14. Pa No. 1 Mk III, zilembo HV kuseri kwa choonera cha kumbuyo zimasonyeza kuti manambala a choonera anayezedwa ndi chipolopolo cha mtundu wa Mk VII.

Chachiwiri: werengani chidindo cha kunsi kwa chigoba

Tembenuzani chipolopolo, muone kunsi ndi galasi lokuza zinthu. Pa zipolopolo za Britain ndi maiko amene ankawalamulira pamakhala zinthu zitatu: fakitale, chaka, ndi mtundu. Chidindo chonga R↑L 1941 VII chikunena kuti chinapangidwa ku Royal Laboratory ya ku Woolwich mu 1941, ndipo ndi Mk VII. Chonga RG 55 7 ndi cha ku Radway Green, 1955, mtundu womwewo, chifukwa chakumapeto kwa nkhondo yachiwiri anasiya manambala a Chiroma n'kuyamba kulemba 7.

Zilembo za mafakitale zimene mungakumane nazo kawirikawiri ndi izi:

- K ndi Kynoch ya ku Birmingham, GB ndi Greenwood & Batley ya ku Leeds, RG ndi Radway Green.
- DAC ndi Dominion Arsenal ya ku Quebec, DI ndi Defence Industries, zonse za ku Canada.
- MF ndi fakitale ya ku Footscray, Australia.
- KF ndi Kirkee ya ku India, POF ndi ya ku Wah, Pakistan.
- U ndi za ku South Africa za nthawi ya nkhondo yachiwiri. Za pambuyo pake zinachokera ku Pretoria Metal Pressings, ndipo za m'ma 1980 zimalembedwa 7.7 R1M3Z.
- HXP ndi za ku Greece. WRA ndi Winchester ya ku America.
- Zilembo zooneka ngati nny ndi za Chisilavo, za Prvi Partizan ya ku Užice.

Chimene mukufuna ndi Mk VII kapena chofanana nacho. Chinatuluka mu 1910. Mutu wake ndi wosongoka, wophwatalala kunsi, wolemera ma grain 174, kapena kuti magalamu 11.3, ndipo umachoka pampope ndi liwiro la mamita pafupifupi 744 pa sekondi. Manambala a pazoonera za No. 1 Mk III yokhala ndi zilembo HV, No. 4 ndi No. 5 anawayeza ndi chipolopolo chimenechi. Chilembo Z chikatsatira nambala, monga VIIZ kapena 7Z, ndiye kuti m'kati muli onga wa nitrocellulose, osati cordite. Kwa mpope wanu Z ndi uthenga wabwino.

Mk VIIIZ, cholembedwanso 8Z, chimafuna kuganizira. Anachipanga mu 1938 chifukwa cha mfuti yachiwaya ya Vickers, kuti izifika kutali. Mutu wake ndi wa ma grain 175 ndipo kunsi kwake ndi kowondera ngati mchira wa bwato. Mu mpope watsopano chimayenda bwino. Mu mpope wodyeka ndi cordite, mpweya wotentha umadutsa m'mbali mwa mchirawo, mutu sugwira mizere, ndipo umakafika pachandamale utapingasa. Ma No. 4 a mizere iwiri yokha, ambiri mwa iwo opangidwa ku Long Branch ndi ku Savage, akatha amachikana kwambiri chipolopolo chimenechi.

Samalaninso ndi maina ofanana. .303 Savage ndi chipolopolo china kotheratu. 7.7x58 ya Arisaka ya ku Japan ilibe mkombero wotuluka, ndipo 7.62x54R ya ku Russia ili ndi mkombero koma thupi lake ndi lonenepa. Pa chigoba cha .303 yeniyeni, kutalika ndi mamilimita 56.4, chipolopolo chonse pafupifupi 78, mutu ndi wonenepa mamilimita 7.9.

Chachitatu: chotsani zonse zimene si ball

Ogulitsa akati ball akutanthauza chipolopolo wamba cha mutu wokutidwa ndi chitsulo kapena mkuwa, mtovu uli m'kati. China chilichonse nthawi zambiri chimakhala ndi chilembo pafupi ndi nambala ya mtundu, ndipo kuzungulira primer, kabatani kapakati kamene kamayatsa onga, pamakhala utoto wozindikiritsa. Utoto wa pepo ndi ball. Wofiira, ndi chilembo G, ndi chowala usiku. Wobiriwira, ndi W, ndi choboola chitsulo. Wabuluu, ndi B, ndi choyatsa moto. Wachikasu, ndi Q, ndi choyesera mphamvu ya mpope kufakitale.

Q ndiye woopsa pa onsewa, chifukwa anachidzaza dala mopitirira muyezo. Si cholowetsa mu mfuti ya zaka 80. W ndi B ndi zoletsedwa kwa munthu wamba ku Britain ndi m'maiko ena ambiri, ndipo G chimayatsa udzu wouma mosavuta, n'chifukwa chake mabwalo ambiri owomberapo sachilola. Chilembo H ndi choponyera bomba la m'manja. Chilibe mutu, choncho ena amachiyesa chongoliza, koma mphamvu yake ndi yaikulu. Chongoliza chenicheni ndi L, ndipo D ndi chophunzirira kudzaza mfuti, chopanda onga.

Utoto umafufuma ndi zaka, wa pepo n'kumaoneka ngati wakuda. Khulupirirani chilembo kuposa utoto, ndipo chipolopolo chilichonse chopakidwa utoto kunsonga chiikeni padera mpaka wodziwa achione.

Palinso zobwerezedwa, zimene wina anatola chigoba cha asilikali n'kudzazamonso onga wake. Primer ya kufakitale ya asilikali imakhala yokanikizidwa ndi mzere wozungulira kapena timadontho titatu, utoto uli pamwamba. Mukaona primer yonyezimira yopanda utoto, timizere totsika m'thupi la chigoba, kapena mutu wa mtovu woonekera pa chigoba cha chidindo cha asilikali, dziwani kuti chidindocho sichikunenanso zoona za zimene zili m'kati. Onga wa munthu wosamudziwa suwombedwa.

Chimodzimodzi zipolopolo zopalidwa nsonga. Alenje ena akale ankapala nsonga ya Mk VII ndi tupa kuti izitambasuka m'thupi la nyama. Chikuto cha mutu umenewu ndi chotseguka kale kunsi, ndiye mukatsegulanso kumwamba chasanduka kapaipi. Mtovu ungathe kuuluka wokha n'kusiya chikuto mu mpope, chipolopolo chotsatira n'kudzagunda pamenepo. Ball ndi ya chandamale. Wofuna kusaka agule zatsopano za nsonga yofewa.

Chachinayi: dziwani onga ndi primer

Cordite si ufa, ndi timitengo tabulauni tooneka ngati supageti yopyapyala, topangidwa ndi nitroglycerine, thonje lophulika ndi mafuta pang'ono. Mu Mk VII mumakhala ma grain pafupifupi 37, kapepala kolimba kali pamwamba pake. Ankalowetsa timitengoto chigoba chisanafinyidwe khosi. Mukagwedeza chipolopolo cha cordite pafupi ndi khutu chimakhala chete, pamene cha Z nthawi zambiri chimachita phokoso la mchenga. Cordite imasungika zaka zambiri, koma moto wake ndi wotentha kwambiri ndipo umadya pakhosi pa mpope msanga. Ngati mpope wanu ndi wabwinobwino, makamaka wa No. 4 Mk 2 wosawombedwa kwambiri, n'kupanda chifundo kuudyetsa cordite mabokosimabokosi.

Nkhani yaikulu kuposa onga ndi primer. Zipolopolo zambiri zakale za Britain, India, Australia ndi Pakistan zili ndi primer yaikulu, yotambalala pafupifupi kota ya inchi, yooneka yamkuwa wofiirira. M'kati mwake muli potassium chlorate, ndipo m'zambiri mulinso mercury. Ikaphulika, chlorate imasiya mchere mu mpope. Mcherewo umakoka chinyezi, ndipo nyengo yadzinja dzimbiri limayamba usiku umodzi wokha. Mercury nayo imalowa mu mkuwa wa chigoba n'kuuphwanyitsa, choncho zigoba zotere si zodzazanso.

Zodziwika kuti sizisiya mchere ndi HXP za ku Greece, DI Z za ku Canada, ndi R1M3Z za ku South Africa. Pa zina zonse, ngakhale wogulitsa alumbire, zitengeni ngati zamchere. Madzi otentha sawononga ndalama, koma mpope wa Lee-Enfield ukadyeka simuupezanso wina mosavuta.

Amene amadzazanso zigoba aone m'kati mwa chigoba chowombedwa ndi tochi. Kabowo kamodzi pakati ndi mtundu wa Boxer, wosavuta kudzazanso, monga HXP ndi DI. Timabowo tiwiri m'mbali ndi Berdan, ndipo pafupifupi za Britain zonse ndi za ku South Africa ndi zotere.

Pomaliza gwiritsani maginito pamutu. Mutu woyera ngati siliva ndi wa cupro-nickel, umene umasiya zomata zolimba mu mpope. Wofiirira ungakhale mkuwa weniweni kapena chitsulo chongopakidwa mkuwa, ndipo maginito ndiye amasiyanitsa. Mabwalo ambiri, makamaka a m'nyumba, salola mutu wogwira maginito chifukwa umathetheka ndi kunjanja ukagunda chitsulo. Funsani bwalo lanu musanagule.

Chachisanu: fufuzani mmene zinasungidwira

Apa ndi pamene ogula ambiri amagwa. Chidindo chimangonena za tsiku limene chipolopolo chinatuluka m'fakitale. Zaka 60 kapena 80 zotsatira, kaya chinakhala m'nkhokwe yozizira kaya m'shedi ya malata yotentha, chidindo sichinena. Zipolopolo za 1943 zosungidwa m'chitini chomata zingapose za 1967 zimene zinaphikidwa ndi dzuwa.

Yambani ndi chotengera. Chitini chosatsegulidwa, chokhala ndi chizindikiro chimodzi cha fakitale ndi tsiku, ndicho chabwino koposa. Makatoni a pepala okhala ndi madontho a madzi, malamba a nsalu a zipolopolo 50 ochita nkhungu, ndi timapanichi ta zipolopolo zisanuzisanu tochita dzimbiri, zonsezi zikukuuzani kuti chinyezi chinafika. Thumba la zipolopolo zosakaniza mafakitale ndi zaka musaligule kuti mukawombere, chifukwa simungayese zochepa n'kudziwa za zonse.

Mukatsegula chitini, nunkhizani. Fungo lowawasa lobaya m'mphuno, kapena fumbi lofiirira ngati la dzimbiri m'kati, ndi chizindikiro chakuti onga wayamba kuwola ndipo ukutulutsa asidi. Gulu lonselo lakanika.

Kenako tengani zipolopolo 20 kuchokera m'malo osiyanasiyana a bokosi, pamwamba, pakati ndi pansi, muziunike chimodzichimodzi powala. Kuda kwa mkuwa kokha si vuto, mkuwa umada ndi ukalamba. Zokanira ndi izi: zobiriwira zotumphuka ngati ndere, makamaka kuzungulira primer kapena pamene mutu walowera m'khosi, madontho apinki, amene amasonyeza kuti mkuwa wadyeka n'kufooka, kubonyoka kwakukulu paphewa, ndi mng'alu pakhosi. Mng'aluwo umakhala wochepa ngati tsitsi, choncho yendetsani chikhadabo kuzungulira khosi, kenako yesani kupotoza mutu ndi zala. Ukazungulira kapena kulowa m'kati, chichotseni, chifukwa mutu wokankhidwira m'kati umachepetsa malo a onga ndipo mphamvu ya kuphulika imakwera.

Ming'alu ya pakhosiyi ili ndi mbiri yake. Asilikali a Britain ku India ankasunga zipolopolo m'makola a akavalo nthawi ya mvula, ndipo zigoba zinkang'ambika zokha. Patapita nthawi zinadziwika kuti ammonia wa mumkodzo wa akavalo ndiye ankang'amba mkuwa wokakamizidwa wa pakhosi. Phunziro lake lidakalipo: musapukute zipolopolo ndi mankhwala onyezimiritsa mkuwa okhala ndi ammonia, ndipo musazisunge pafupi ndi khola kapena matumba a feteleza. Nsalu youma ndi yokwanira.

Ngati muli ndi sikelo yaing'ono ya magalamu, yezani zonse 20. Chipolopolo cha Mk VII chimalemera magalamu pafupifupi 25, ndipo onga wake ndi magalamu 2.4. Za gulu limodzi zimasiyana pang'ono chabe, choncho chimene chapepuka kapena kulemera ndi galamu yathunthu kuposa zinzake chili ndi chifukwa. Pa 20 mukapeza zoipa zoposa ziwiri, bokosilo lisiyeni.

Chachisanu ndi chimodzi: gulani zochepa, kayeseni

Gulani 20 kapena 40 za gulu limene mukulifuna, ndipo pemphani wogulitsa akusungireni zotsala masiku angapo. Valani magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu. Pukutani chamber, malo amene chipolopolo chimagona, kuti mukhale mouma, ndipo zipolopolo nazo zikhale zopanda mafuta. Chigoba chimayenera kukakamira m'makoma a chamber pa nthawi yophulika. Chikaterereka, mphamvu yonse imakankha bolt, ndipo bolt ya Lee-Enfield imatsekera kumbuyo, choncho imanyutuka pang'ono.

Zisanu zoyamba lowetsani chimodzichimodzi, pa mtunda wa mamita 25. Mukawomba chilichonse, tolani chigoba muchione. Primer yobooka, kapena mwaye wozungulira primer, ndiye kuti mpweya ukubwerera kumaso kwanu. Mzere wowala wozungulira chigoba pafupifupi sentimita imodzi kuchokera kumkombero ukusonyeza kuti chigoba chatsala pang'ono kuduka. Chikaduka, theka lake limatsalira m'chamber. Bolt yolimba kuitukula ikunena za mphamvu yopitirira. Khosi long'ambika pa chigoba chimodzi si zachilendo pa mkuwa wakale, koma mng'alu wa m'thupi kapena wa pafupi ndi mkombero ndi woti muimire pomwepo. Kutupa pang'ono mbali imodzi kusakudetseni nkhawa: machamber a mfutizi anawapanga otakasuka dala kuti azilandira zipolopolo zamatope.

Vuto lofala pa zipolopolo zakale ndi kuchedwa kuphulika. Mumva kuti khe, kenako phuu, nthawi zina patadutsa kamphindi kosaoneka, nthawi zina masekondi angapo. Za POF za m'ma 1960 zili ndi mbiri imeneyi pakati pa owombera, koma gulu lililonse lotenthedwa lingachite chimodzimodzi. Mfuti ikangoti khe osalira, musatukule bolt. Isiyeni paphewa, italoza chandamale, muwerenge masekondi 60. Chipolopolo chophulika bolt itatseguka chimamwaza mkuwa kumaso ndi m'manja. Nthawiyo ikatha tsegulani nkhope mutayang'ana kumbali, ndipo muone primer. Ngati yabonyoka mozama, vuto ndi chipolopolo. Ngati yangokhudzidwa pang'ono, vuto lingakhale mfuti: girisi wakale wouma m'kati mwa bolt, sipuling'i yofooka, kapena msomali womenya primer wofupika. Msomaliwo umayenera kutuluka pakati pa inchi 0.040 ndi 0.050. Gulu limene lachedwa kuphulika kawiri pa 20 si loti muwonjezere kugula.

Kulira kofooka, kapena mfuti yosakankha paphewa monga mwa masiku onse, n'koopsa kuposa pamenepo. Mutu ungakhale utatsakamira mu mpope. Chotsani bolt, musuzumire kuchokera kumbuyo mpaka muone kuwala kutsogolo musanalowetse china.

Zikapambana pamenepa, pitani pa mamita 100 ndi kuwomba magulu awiri a zisanuzisanu, mfuti itatsamira pathumba la mchenga. Mabowo akhale obulungira. Ooneka ngati dzira kapena ngati bowo la kiyi akusonyeza kuti mutu ukugubuduka, ndipo ngati munali ndi 8Z yesani Mk VII wophwatalala kunsi musanaweruze mpope. Mfuti yabwino ndi surplus yabwino zimaika zisanu m'bwalo la masentimita 8 mpaka 12. Mabowo otalikirana chokwera ndi chotsika amasonyeza kuti liwiro likusiyana, chizindikiro cha onga kapena primer yotopa. Musadabwe zikamenya pamwamba: kabowo koonera kakakulu ka No. 4 kanayezedwa pa mayadi 300.

Podzaza magazini ndi kapanichi ka zisanu, mikombero isanjeni chonchi: choyamba pansi, chachiwiri pamwamba, chachitatu pansi, chachinayi pamwamba, chachisanu pansi. M'magazini, mkombero wa chipolopolo cha pamwamba uzikhala kutsogolo kwa wa chapansi pake. Ukakhala kumbuyo, zimakolana ndipo bolt siyenda. Ambiri amanamizira zipolopolo pa vuto limeneli pamene cholakwa ndi kasanjidwe.

Chachisanu ndi chiwiri: tsukani tsiku lomwelo

Mafuta sasungunula mchere, amangouphimba, dzimbiri n'kumadya pansi pake. Chosungunula mchere ndi madzi. Tsimikizani kuti mfuti ilibe chipolopolo, chotsani bolt ndi magazini, lozetsani mpope pansi m'ndowa, ikani fanulo ya kapaipi m'chamber, ndipo thirani lita imodzi ya madzi owira pang'onopang'ono. Madzi asalowe pakati pa thabwa ndi chitsulo. Kutentha kwa madziwo kumaumitsa mpope wokha. Pititsani tinsalu touma mpaka tituluke toyera, kenako mankhwala otsukira mpope ndi bulashi, kenako kansalu ka mafuta. Nkhope ya bolt ndi mutu wake muzipukute ndi kansalu konyowa, muumitse, mupake mafuta.

Tsukirani kuchokera kumbuyo ndi ndodo yake. Chingwe chokokera kansalu, chimene asilikali ankasunga m'thako la mfuti, chimadya kukamwa kwa mpope chikamakhuza mbali imodzi, ndipo mfuti zambiri zakale zinasiya kulunjika chifukwa cha chimenechi. Mawa lake ndi mkuja pititsaninso kansalu. Kakatuluka kofiirira, bwerezani madzi.

Kusankha pakati pa zimene zilipo

Zonse zitasungidwa mofanana, yambani ndi HXP, kenako R1M3Z ndi DI Z. Pambuyo pake pakubwera za Radway Green ndi Kynoch za m'ma 1950, zimene zimalunjika bwino koma zimafuna madzi owira. Za nthawi ya nkhondo yachiwiri za cordite zikhale zolawa apo ndi apo, ndipo ngati zili m'katoni yake yosatsegula, osonkhanitsa zakale angakupatseni ndalama yoposa phindu loziwomba. Surplus ya .303 ikutha chaka ndi chaka ndipo mtengo wake wakwera. Ukayandikira mtengo wa zatsopano za Prvi Partizan kapena Sellier & Bellot, gulani zatsopanozo: zilibe vuto lochedwa kuphulika, sizisiya mchere, ndipo zigoba zake zimadzazidwanso. Ingoonani kaye ngati mutu wake ndi wa mchira wowondera, chifukwa mpope wotha ungaukane monga umakanira 8Z.

Zimene mwagula zisungeni m'bokosi lachitsulo la labala pachivundikiro, muikemo timapaketi toyamwa chinyezi, ndipo mulembe panja fakitale, chaka ndi tsiku limene munayesa. Bokosilo likhale pamalo ozizira, lisagunde simenti ya pansi, lisayandikire denga la malata, ndipo likhale lokiyidwa monga chiphaso chanu chikunenera. Magulu osiyana musawasakanize. Zokanidwa zija, zong'ambika, zobiriwira ndi zokana kuphulika, musaziponye pamoto, m'dzala kapena m'chimbudzi. Ziikeni m'kachitini kolembedwa bwino, mukazipereke kwa wogulitsa mfuti, kwa woyang'anira bwalo lowomberapo, kapena kupolisi.